Amphaka Awiri Kapena Kuposerapo M'nyumba Imodzi: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amafunsidwa mobwerezabwereza pakati pa ife olankhula Chichewa amene timaweta amphaka kuno ku Harare, kaya m'nyumba zokhala ndi bwalo ku Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, kapena m'mafulati a ku Avenues kumene amphaka ena satuluka panja n'komwe. Ambiri tinayamba ndi mphaka mmodzi chifukwa cha makoswe, wachiwiri anadzabwera yekha podumpha mpanda kapena anabadwira pakhomo pomwepo, ndipo za mmene nyamazi zimakhalirana tinayamba kuziganizira mavuto atayamba kale. Mayankhowa salowa m'malo mwa dokotala wa ziweto, ndipo paliponse pamene dokotala akufunika tanena mosabisa.

Kodi mphaka ndi nyama yokonda kukhala yokha, kapena imafuna anzake?

Zonse ziwiri n'zoona, ndipo kumvetsa chifukwa chake kumathandiza pa mafunso ena onse. Mphaka woweta anachokera kwa vumbwe wa mtundu wa Felis lybica, nyama imene imasaka yokha ndi kuteteza dera lake. Kafukufuku wa majini amene Carlos Driscoll ndi anzake anafalitsa mu 2007 anasonyeza kuti makolo a amphaka oweta anali avumbwe a ku Middle East, ndipo pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 zapitazo mmene munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Achibale a vumbwe ameneyu akadalipo m'tchire la muno m'Zimbabwe, ndipo amayenda mmodzimmodzi mpaka lero.

Komabe, pamalo pamene chakudya chili chochuluka, monga pafamu kapena kuseri kwa msika, amphaka amapanga magulu. David Macdonald wa ku yunivesite ya Oxford, amene anafufuza amphaka a m'mafamu ku England, anaona kuti maziko a gulu amakhala amphaka aakazi apachibale, ndiye kuti mayi, ana ake aakazi ndi azichemwali, amene amayamwitsirana ana ndi kuthandizana kupirikitsa mphaka wachilendo. Ngakhale m'gulu lotere, aliyense amasaka yekha ndi kudya yekha. Nyama imene moyo wake umadalira kusaka yokha singalole kuvulala mwachisawawa, choncho njira yaikulu imene mphaka amathetsera mkangano ndiyo kutalikirana ndi mnzake. Alibe zizindikiro zambiri zopepesera ndi zoyanjanirana monga zimene agalu ali nazo. Tikamuika m'nyumba yotsekeka pamodzi ndi mphaka amene sanamusankhe yekha, timakhala kuti tamulanda njira yomweyo imene amaidalira.

Mphaka wanga amatsala yekha tikapita kuntchito. Kodi ndimupezere mnzake?

Musafulumire. Mphaka wamkulu amene wakhala yekha zaka zambiri, amene amadya bwino, amagona poyera mosaopa ndipo amasewera mukabwera madzulo, nthawi zambiri sasowa mnzake, ndipo mlendo angamuwonongere mtendere umene ali nawo. Amene amapindula kwenikweni ndi mnzake ndi tiana ta mphaka ndiponso amphaka achichepere amene anakulira pakati pa anzawo. Ngati chifukwa chenicheni n'chakuti inuyo mukufuna mphaka wachiwiri, palibe cholakwika, koma muwerengere malo, ndalama za katemera ndi nthawi yowazoloweretsa, zimene zafotokozedwa m'mayankho a kutsogoloku.

Ndingadziwe bwanji kuti amphaka anga ndi ogwirizanadi?

Pali zizindikiro zodalirika zimene aliyense angazione popanda chida chilichonse. Amphaka a gulu limodzi akakumana amaimika mchira chilili, nthawi zina nsonga yake itapindika pang'ono, kenako amagunditsana mphuno. Amakhulana masaya ndi nthiti podutsana, amakolana michira, amanyambitana makamaka kumutu ndi m'khosi, ndipo amagona atakhudzana matupi kapena atapiringizana. Kukhulana ndi kunyambitana kumasakaniza fungo lawo kukhala fungo limodzi la gulu, ndipo fungo limeneli ndilo limauza mphaka kuti uyu ndi wakwathu.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimanyenga anthu ambiri kuno. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, usiku ukazizira, amphaka awiri angagone pabedi limodzi kapena pafupi ndi sitovu chifukwa chakuti onse akufuna kutentha, koma mukayang'anitsitsa mupeza kuti afulatirana ndipo pali mpata pakati pawo. Amenewo akugawana malo ofunda, ndipo kutentha kwa Okutobala kukafika mudzawaona aliyense kwake. N'zothekanso kuti m'nyumba ya amphaka atatu muli magulu awiri, awiri ogwirizana ndi mmodzi wapayekha, ndipo kudziwa chiwerengero cha magulu n'kofunika pokonza mbale ndi malo ogona.

Amphaka anga samenyana. Kodi umenewo si umboni wakuti zonse zili bwino?

Ayi, ndipo funso ili ndi limene tikufuna kuti muliwerenge mofatsa kuposa ena onse. Udani wambiri wa amphaka umachitika mwakachetechete. Mphaka mmodzi amangogona pakati pa khomo lopita kukhitchini kapena pakanjira kopita kumene kuli bokosi la mchenga lodzithandiziramo, akuoneka ngati akupumula, koma mnzake sangadutse. Amamuyang'anitsitsa osaphethira kuchokera kutali, amamutsatira pang'onopang'ono, amafika pampando pamene mnzake wagona n'kuima mpaka winayo atanyamuka. Palibe kulira, palibe magazi, ndipo eni nyumba amauza alendo kuti amphaka awo ndi okondana.

Kuti muone zimene zikuchitikadi, yang'anani mphaka wovutitsidwayo. Amakhala pamwamba pa wadiropu kapena pansi pa bedi tsiku lonse, amatuluka m'chipinda mnzake akangolowa, amadya mothamanga akucheukacheuka kapena amadikira usiku kuti adye, amasiya kusewera, ndipo nthawi zina amadzinyambita mpaka ubweya wa pamimba ndi m'ntchafu utatha. Ngati amaloledwa kutuluka, amayamba kukhalitsa panja, ndipo ena amasamukiratu kwa oyandikana nawo nyumba. Anthu amati mphaka wotere ndi wosayamika, pamene zoona zake n'zakuti wathawa nyumba imene sankapezamo malo.

Pali amphaka enanso amene sakondana komanso sazunzana. Amakhala monga anthu ochita lendi m'nyumba imodzi ku Highfield, amene sali pachibale koma adziwana nthawi, kotero kuti uyu akamaphika winayo amadikira m'chipinda mwake. Mphaka mmodzi amatenga zenera la kum'mawa m'mamawa, wina amabwerapo masana. Khalidwe logawana malo mwa nthawi limeneli analifotokoza kalekale katswiri wa ku Germany Paul Leyhausen, ndipo ndi mkhalidwe wabwino ndithu, bola aliyense akufika pachakudya, pamadzi ndi pamchenga mosatchingidwa. Ife timaona kuti kwa amphaka ambiri amene sanakulire limodzi, mtendere woterewu ndiwo cholinga choyenera, ndipo kuwakakamiza kuti akhale mabwenzi kumangowonjezera mavuto. Nkhaniyi ndi yaikulu moti bungwe la madokotala a amphaka la ku America, American Association of Feline Practitioners (AAFP), linatulutsa malangizo apadera okhudza kusamvana kwa amphaka a m'nyumba imodzi mu 2024.

Akamagwetsana ndi kuthamangitsana, ndingasiyanitse bwanji masewera ndi ndewu?

Mvetserani choyamba. Masewera amakhala opanda phokoso kapena a phokoso lochepa, pamene ndewu imabwera ndi kudzuma, kulira kotalika ndi phokoso laukali la fuu. Kenako onani ngati akusinthana. Pamasewera, amene anali pansi amabwera pamwamba, wothamangitsa amasanduka wothamangitsidwa, amapumira pakati n'kuyambiranso, zikhadabo zimakhala zobwezedwa m'kati, kuluma kumakhala kosaboola khungu, ndipo akamaliza amatha kugona moyandikana. Pandewu, makutu amagonekedwa kumbuyo, ubweya umaima, mchira umafufuma, mmodzi yekha ndiye amathawa nthawi zonse, ndipo pambuyo pake amapewana kwa maola kapena masiku.

Mu 2023 Noema Gajdoš-Kmecová wa ku Slovakia ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa mavidiyo 105 oonetsa amphaka 210, ndipo anapeza kuti kugwetsana kosinthana kumasonyeza kwambiri masewera, pamene kulira ndi kuthamangitsana kumasonyeza kwambiri udani. Anapezanso gulu lachitatu la pakatikati, limene zimayamba ngati masewera koma mmodzi amatopa pamene mnzake akufunabe kupitiriza. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pakati pa mphaka wamng'ono ndi wokalamba, ndipo mankhwala ake ndi akuti inuyo muzisewera ndi wamng'onoyo ndi chingwe kapena nthenga tsiku lililonse kuti mphamvu zake zithere kwa inu.

Kodi pakati pawo pamakhala mfumu imene enawo amaigonjera?

Amphaka alibe mndandanda wokhazikika wa maudindo kuyambira wamkulu mpaka wotsiriza. Chimene chimaoneka n'chakuti mphaka wina amalimbikira kwambiri chinthu china, monga mbale ya chakudya, pamene mnzake amalimbikira malo apamwamba ogona, ndipo wogonja pa chinthu chimodzi angakhale wopambana pa china. N'chifukwa chake malangizo akuti asiyeni amenyane adziwane wamkulu ndi oopsa. Ndewu ya amphaka siithetsa nkhani, imangozamitsa mantha, ndipo ndewu iliyonse imachititsa yotsatira kukhala yosavuta kuyamba.

Pafunsoli pamabweranso lina, lakuti n'chifukwa chiyani mphaka amanyambita mnzake kenako n'kumuluma m'khosi. Ruud van den Bos, pa kafukufuku amene anafalitsa mu 1998, anaona kuti nthawi zambiri wonyambita amakhala mphaka wolimba mtima kuposa wonyambitidwayo, ndipo kunyambitako nthawi zina kumatsatana ndi ukali. Zikuoneka kuti kunyambita kumathandizanso kuziziritsa mkangano usanakule. Ngati wonyambitidwayo sathawa ndipo amabwezera kunyambitako nthawi zina, palibe chodetsa nkhawa.

Pafunika mbale zingati ndi mabokosi a mchenga angati?

Lamulo limene madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito ndi lakuti chinthu chilichonse chofunika chikhale chimodzi pa mphaka aliyense, kuonjezerapo chimodzi chapadera. Amphaka awiri amafunika mabokosi atatu a mchenga. Koma chiwerengero chokha sichikwanira, chifukwa mabokosi atatu ondandalikidwa pakhoma limodzi, kwa mphaka ndi chimbudzi chimodzi chimene mnzake angachitchinge pogona pakhomo. Aikeni m'malo osiyana, pamene mphaka angaone amene akubwera ndipo ali ndi njira ziwiri zochokerapo. Bokosi likhale lalitali kuposa thupi la mphaka ndi theka, ndipo beseni lalikulu lapulasitiki lokhala ndi mchenga wa kumtsinje wosefa bwino limagwira ntchito ngati mchenga wa m'sitolo wakwera mtengo, bola muzichotsa zonyansa tsiku lililonse.

Chizolowezi chathu choika mbale imodzi yaikulu kuti onse adyere pamodzi chimachokera mumtima wabwino, chifukwa kwa ife kudyera limodzi ndi chizindikiro cha ubale, koma mphaka amadya mwamtendere akakhala yekha. Aliyense akhale ndi mbale yake pamalo pamene saonana ndi mnzake, ndipo madzi akhale patali ndi chakudya, m'malo awiri kapena atatu. Mfundo yosiyanitsa zinthu zimenezi ili m'malangizo a zosowa za mphaka pakhomo amene bungwe la AAFP ndi bungwe la padziko lonse la madokotala a amphaka, International Society of Feline Medicine (ISFM), anatulutsa mu 2013.

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri zokha. Kodi zimenezi zingatheke bwanji?

Zimatheka mukaganizira za m'mwamba. Mphaka amawerengera malo kuyambira pansi mpaka kudenga, choncho pamwamba pa wadiropu, shelefu yokhomedwa bwino pakhoma ndi pazenera ndi zipinda zoonjezera kwa iye. Mphaka mmodzi angadyere pashelefu, wina pansi kuseri kwa chitseko. Makatoni a m'sitolo ndi othandiza kwambiri, ndipo muboole makomo awiri pa katoni iliyonse kuti wobisalamo asatsekeredwe. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Utrecht wa mu 2014 anasonyeza kuti amphaka ofika kumene kumalo osungirako nyama amene anapatsidwa bokosi lobisalamo anakhazikika msanga kuposa amene sanapatsidwe.

Amene amphaka awo amayenda pabwalo aziyembekezera kuti kusamvana kungakule m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, chifukwa nyama zimene zinkapewana panja zimakakamizika kukhala pansi pa denga limodzi maola ambiri. Bokosi la mchenga la m'nyumba likhalepo pa nyengo imeneyi ngakhale kwa amphaka ozolowera kudzithandiza panja.

Ndi amphaka ati amene amagwirizana mosavuta?

Obadwa mimba imodzi amene akulira limodzi ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu, ndipo kafukufuku wa Sharon Crowell-Davis ndi anzake ku yunivesite ya Georgia anapeza kuti amphaka apachibale ndiponso odziwana nthawi yaitali amakhala moyandikana ndi kunyambitana kwambiri kuposa ena. Ngati mukuyamba kumene kuweta, kutenga tiana tiwiri ta mayi mmodzi n'kwanzeru kuposa kutenga kamodzi lero ndi kena pakatha zaka. Musatichotse kwa mayi msanga. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Helsinki wa mu 2017 anapeza kuti amphaka olekanitsidwa ndi mayi asanakwane milungu 8 amakonda kukhala aukali akakula, ndipo kudikira mpaka milungu 14 n'kwabwino koposa, chifukwa m'nthawi imeneyi ndi mmene kamwana kamaphunzirira kwa abale ake kuluma kosapweteka.

Amphaka akafulidwa, kukhala wamwamuna kapena wamkazi sikofunika kwambiri poyerekeza ndi mtima wa mphakayo ndi msinkhu wake. Kuphatikiza kumene timakuletsa kwambiri ndi kwa kamwana kamodzi kopulupudza ndi mphaka wokalamba.

Kodi mphaka watsopano ndimulowetse motani m'nyumba?

Pang'onopang'ono, ndipo asaonane tsiku loyamba. Mlendoyo akhale m'chipinda chakechake chokhala ndi chakudya, madzi, mchenga ndi pobisala, ndipo aonedwe ndi dokotala wa ziweto asanayandikire mnzake, kuti alandire katemera, mankhwala a utitiri ndi njoka zam'mimba, komanso ayezedwe matenda amene tiwatchule kutsogoloku pa funso lokhudza mabala. Masiku oyamba ndi ozolowerana fungo. Pukutani masaya a mphaka mmodzi ndi kansalu kofewa n'kukaika pamene winayo angakanunkhize mwa kufuna kwake, ndipo sinthanitsani zogonera zawo. Onse akasiya kudzuma akamva fungo la mnzake, mulole mlendoyo ayendere nyumba pamene mphaka wakale wa pakhomo watsekeredwa kwina.

Kenako aonane kudzera pa chotchinga, monga chitseko chotsegulidwa pang'ono kwambiri kapena felemu yokhomedwa waya wa nkhuku, kwa mphindi zochepa, aliyense akupatsidwa kachakudya kokoma kapena akuseweretsedwa patali ndi chotchingacho. Chakudya chawo chachikulu chisaikidwe pamenepo, chifukwa mphaka wanjala amadya ngakhale ali ndi mantha ndipo inu mungaganize kuti wazolowera. Pomaliza akumane popanda chotchinga inu mulipo, ndipo nthawi izitalika tsiku ndi tsiku. Mmodzi akayamba kuyang'anitsitsa, kudzuma kapena kubisala, bwererani pa sitepe ya m'mbuyo. Kwa tiana zimenezi zingathe m'masiku ochepa, koma kwa akuluakulu zimatenga milungu ngakhale miyezi, ndipo kufulumira pa sitepe imeneyi ndiko kumayambitsa udani wambiri umene umakhala zaka.

Kodi kufula kumathandiza? Nanga kulira kwa usiku konga kwa khanda kumatanthauzanji?

Kumathandiza kwambiri. Mphaka wamwamuna wosafula amayenda mtunda wautali, amamenyana ndi amuna anzake ndipo amathira mkodzo wonunkha kwambiri polemba malire. Wamkazi wosatseketsa, akafika nyengo yofuna wamwamuna, amalira mokweza, amagudubuzika pansi ndipo amakopa amuna onse a m'dera kudzasonkhana pampanda ndi padenga, zimene zimasokoneza amphaka ena onse a pakhomopo. Kulira kumene ambiri aife tinakula tikukuopa usiku, ndipo ena amakugwirizanitsa ndi ufiti, ndi kuitana kumeneku kapena kuopsezana kwa amuna awiri, ndipo kumachuluka masiku akayamba kutalika nyengo yozizira itatha. Tikunena zimenezi chifukwa amphaka ambiri agendedwa ndi kuthiridwa madzi otentha chifukwa cha kulira kumene opaleshoni yaing'ono ikanakuthetsa.

Mphaka wamkazi angatenge bere ali ndi miyezi inayi yokha, ngakhale kwa mlongo wake, ndipo bere limatha masiku pafupifupi 63 mpaka 65, choncho musadikire kuti ayambe wabereka kamodzi. Madokotala a ziweto a mumzinda uno amachita opaleshoniyi, ndipo mungafunsenso ku Harare SPCA kapena ku bungwe la Veterinarians for Animal Welfare Zimbabwe. Dziwani komabe kuti kufula sikuchotsa udani wochokera ku mantha kapena kuchepa kwa malo.

Anali ogwirizana kwa zaka, koma mwadzidzidzi adana. Chachitika n'chiyani?

Pali zifukwa zinayi zimene zimabwera kawirikawiri. Choyamba ndi ukali wopatukira kwa wosalakwa. Mphaka amaona mphaka wachilendo akuyenda pamwamba pa mpanda wa durawall, kapena amadzidzimuka ndi bingu kapena zophulitsa za usiku wa chaka chatsopano, ndipo posakhoza kufikira chimene chamuopsacho amalumphira mnzake amene ali pafupi. Wolumidwayo amayamba kumuopa, ndipo kuthawa kwake kumachititsa winayo kumuthamangitsa. Alekanitseni m'zipinda zosiyana mpaka onse atakhazikika, zimene zingatenge tsiku lathunthu kapena kuposerapo, ndipo tchingani zenera limene amaonerapo mlendoyo.

Chachiwiri ndi kubwera kuchokera kuchipatala cha ziweto. Wobwerayo amanunkha mankhwala ndi nyama zina, ndipo mnzake amamulandira ngati mlendo. Musungeni payekha usiku umodzi atagona pa zofunda za pakhomo asanakumane ndi mnzake. Chachitatu ndi matenda. Mphaka amene akumva kuwawa kwa mano, nyamakazi kapena chilonda chobisika amakwiya akakhudzidwa, ndipo mwa okalamba chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso chimabweretsa kusakhazikika. Kusintha kulikonse kwadzidzidzi kwa khalidwe kumafuna kuti dokotala amuyeze. Chachinayi ndi kukhwima: pakati pa zaka ziwiri ndi zinayi mphaka amayamba kusamala kwambiri za dera lake, ndipo ngakhale abale amene ankagona atapiringizana angatalikirane. Ngati udani wapitirira masiku angapo, yambiraninso ndondomeko yonse yolowetsera mphaka watsopano, ngati kuti sanaonanepo.

Akamamenyana ndichite chiyani, ndipo mabala ake ndi oopsa motani?

Musalowetsepo manja kapena mapazi, chifukwa mphaka ali pandewu amaluma chilichonse chomukhudza. Lowetsani katoni yophwatalala, thabwa kapena pilo wamkulu pakati pawo kuti asaonane, kapena ponyani bulangete pa mmodzi, kenako mutsogolere mmodzi m'chipinda china n'kutseka. Kuwamenya, kuwakalipira ndi kuwathira madzi kumawonjezera mantha, ndipo mphaka amagwirizanitsa chilangocho ndi mnzakeyo kapena ndi inuyo.

Mano a mphaka amaboola kabowo kakang'ono kamene kamatsekeka msanga majeremusi ali m'kati, ndipo pakapita masiku awiri kapena anayi pamatuluka chotupa cha mafinya, mphaka n'kuyamba kutentha thupi, kutsimphina ndi kukana chakudya. Ameneyo apite kwa dokotala. Musamupatse paracetamol ngakhale kachidutswa, chifukwa amapha mphaka, ndipo musatsuke bala lake ndi Dettol kapena Jeyes Fluid, popeza mankhwala a mtundu umenewu ndi poizoni kwa amphaka. Kulumana kumafalitsanso kachilombo ka FIV, kamene kanapezeka koyamba ku California mu 1986 ndipo kamafooketsa chitetezo cha thupi la mphaka, ngakhale kuti sikagwira anthu. Kachilombo kena, ka FeLV, kamafala kudzera m'malovu, ngakhale pakati pa amphaka okondana amene amanyambitana ndi kudyera mbale imodzi. Chiwewe chilipo m'Zimbabwe, choncho mphaka aliyense alandire katemera wake, ndipo munthu akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Mmodzi wayamba kukodza pakhoma ndi pabedi. Kodi akuchitira dala?

Mphaka sabwezera chipongwe ndi mkodzo. Akaima chilili, mchira ukunjenjemera, n'kuthira mkodzo pang'ono pakhoma, pachitseko kapena pakatani, akulemba uthenga wa fungo chifukwa akuona kuti dera lake likuopsezedwa, kaya ndi mnzake wa m'nyumba kapena wa panja. Ngakhale mwa ofulidwa, pafupifupi wamwamuna mmodzi mwa 10 amachitabe zimenezi. Akanjuta n'kukodza wambiri pabedi kapena pamphasa, nthawi zambiri ndiye kuti akuopa kufika pamchenga kapena bokosilo ndi lakuda, ndipo mayankho okhudza udani wachete ndi mabokosi akukhudzani. Potsuka, pewani mankhwala okhala ndi ammonia chifukwa fungo lake limamuitana kuti akodzeponso.

Nkhawa yokhalitsa imagwirizananso ndi kutupa kwa chikhodzodzo. Mphaka wamwamuna amene akupita pamchenga pafupipafupi, akudzikakamiza, akulira, koma mkodzo sukutuluka, angakhale kuti njira ya mkodzo yatsekeka, ndipo angafe m'masiku awiri kapena atatu. Ameneyu asadikire mawa. Ngati dokotala wanu sakupezeka, funsani chipatala china chilichonse cha ziweto chimene chili chotsegula.

Nanga mankhwala a fungo oziziritsa amphaka amagwira ntchito?

Zinthu monga Feliway zimatsanzira fungo lachilengedwe limene mphaka amatulutsa m'masaya kapena limene mayi woyamwitsa amatulutsa, ndipo kwa amphaka ena zimachepetsako kukangana. Sizingalowe m'malo mwa mbale zosiyana, mabokosi okwanira ndi malo obisala, ndipo ngati ndalama zili zochepa, yambani ndi zimenezo.

Mmodzi akamwalira, kodi wotsalayo amamusowa?

Amene anali ogwirizanadi amatha kuyendayenda akufunafuna, kulira kwambiri, kudya pang'ono kapena kumamatira kwa anthu kwa milungu ingapo. Sungani nthawi za chakudya ndi malo ogona monga zinalili, ndipo ngati sadya chilichonse kwa masiku awiri apite kwa dokotala, chifukwa kusadya kumawononga chiwindi cha mphaka msanga. Ena amachita zosiyana: amatuluka kumene ankabisala, amanenepa ndipo amayamba kusewera, zimene zimasonyeza kuti ankakhala mopanikizika. Mulimonsemo, musathamangire kubweretsa wina wolowa m'malo, chifukwa ubale unali ndi mphaka amene wapitayo ndipo susamukira kwa mlendo.

Tayesa zonse koma akudanabe. Kodi n'kulakwa kumupezera mmodzi khomo lina?

Si kulakwa. Ngati dokotala watsimikiza kuti palibe matenda, zinthu zonse zagawidwa, ndondomeko yowazoloweretsa yabwerezedwa moleza mtima kwa miyezi ingapo, koma mmodzi akuvulazidwabe kapena akukhala moyo wobisala, pali njira ziwiri zachilungamo. Yoyamba ndi kugawa nyumba kotheratu, aliyense ndi mbali yake ndi zinthu zake, chitseko chili chotseka pakati, ndipo aliyense azipeza nthawi yake yocheza ndi anthu. Yachiwiri ndi kumupezera mmodzi khomo limene adzakhale mphaka yekhayo. Kawirikawiri amene amasamuka mosavuta ndi wolimba mtimayo kapena wobwera pambuyo, pamene wamantha amapindula potsala pamalo amene akuwadziwa.

Chimene sitingavomereze ndi kukamutaya kumsika wa Mbare, m'dambo kapena m'mbali mwa msewu poganiza kuti adzadzisamalira yekha, chifukwa mphaka wokulira m'nyumba amakumana ndi njala, agalu, magalimoto ndi amphaka a m'deralo amene sadzamulandira. Funsani achibale, anzanu a kumpingo kapena a kuntchito, ndipo ngati palibe womutenga lankhulani ndi Harare SPCA kapena Friend Animal Foundation. Apite atafulidwa, ali ndi khadi lake la katemera ndi chofunda chimene wakhala akugonera, ndipo womulandirayo amusunge m'nyumba kwa milungu itatu kapena inayi asanamulole kutuluka panja, kuti asayese kubwerera kumene wachokera.